Ababa Ankadikira Gawo Lomaliza

Pakhomo pathu, kumunsi kwa Mbombwe, panali lamulo limodzi limene ngakhale mlendo ankalimva tsiku lomwe wafika: ukaonera filimu imene ababa sanaione, tseka pakamwa. Unkaloledwa kunena kuti ndi yokoma, kapena kuti ndi yogonetsa tulo, kapena kuti wotanthauzira wake amalongolola mopitirira. Koma zoti uje amwalira, uje akwatira uje, wakuba uja ndi mchimwene wake yemwe, ayi ndithu. Ukatero ababa ankanyamula mpando wawo n'kukakhala kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo tsiku limenelo moni wako sankayankha.

Choseketsa n'chakuti ababa anadziwa filimu atakalamba kale. Ife tikukula ankati zimenezo ndi za anthu osowa khasu. Koma amayi atamwalira, ine n'kusiya geni yanga ku Limbe kubwerera kumudzi kudzawasamala, mchimwene wanga wa ku Joni anatumiza kawailesi kakanema ndi sola yake. Masana a chilimwe amatalika kwa munthu amene wataya wocheza naye. Tsiku lina ndinabwera ndi fulashi kuchokera kwa anyamata obena pamsika, aja okopera anthu nyimbo ndi makanema, muli mafilimu aja otanthauziridwa m'Chinyanja, ndipo ababa anati angoona pang'ono kuti adziwe chimene chimapusitsa anthu. Tsiku limenelo mbuzi ndinakamasula ndine.

Mnzawo wa mafilimu anali telala wa pakhonde la sitolo ina pamsika, bambo wachisilamu amene tonse tinkangowatchula kuti anjomba ngakhale panalibe ubale. Anadziwana ndi ababa ali anyamata. Anjomba anali munthu wabwino mtima, wosoka zigamba za amasiye osawerengera, koma m'kamwa mwawo simunkagona nkhani. Tsono makina awo anali moyang'anizana ndi anyamata obena aja, choncho filimu iliyonse yatsopano ankayamba kuiona ndi iwo, phazi likupalasa makina, maso ali pa kanema. Akachoka ku mzikiti masana ankakwera njinga kubwera kwathu, nkhani itawadzadza mpaka pakhosi.

"Achimwene, ija ya asilikali mwafika nayo pati?" ankatero asanatsike n'komwe panjinga.

"Angowoloka mtsinje. Ndipo inu muthere pomwepo," ababa ankayankha.

"Ine sindinena kanthu. Ndingoti wamtali uja musamukonde kwambiri."

"Mwanena! Mwamupha kale munthu!"

"Ndamupha ine? Ndangoti musamukonde."

"Pakamwa panupo, achimwene, bwanji osapasoka ndi makina anu omwewo?"

Zikatero ndinkaseka mpaka kutsamira khoma. Koma pakapita kanthawi ankakhazikika, n'kuyamba kucheza bwinobwino, ndipo macheza awowo ndi amene ndimawakumbukira mpaka lero. Ankayenda mu nkhani ya filimu ngati anthu odutsa m'munda mwa mwini, kuponda m'makwalala mokhamokha kuopa kuphwanya mizere. Ankatsutsana ngati mkulu wa asilikali uja anali wolimba mtima kapena wouma mutu chabe. Ankadabwa kuti anthu a m'mafilimu amadya chiyani poti palibe amene amaoneka akulima. Anjomba ankayang'ana kasokedwe ka majekete, ababa ankayang'ana nthaka ndi mitengo ya maiko a eni. Anjomba akayamba kutsetserekera ku mathero, ababa ankangokhosomola, iwo n'kubwerera m'khwalala.

Tsiku lina ndinawafunsa ababa chifukwa chake ankapsa mtima chonchi ndi nkhani yongopeka. Ine kunena zoona sizinkandikhudza. Wina akandiuziratu ndinkaonerabe. Iwo anati, "Ukadziwa mathero, anthu aja suwaonanso. Umangowadikira kuti afike pamene ukudziwa kale." Mumtima ndinati nzeru zimenezi n'zomwe zija zinandipweteka ine.

Ndinene za kupwetekako, chifukwa popanda zimenezo nkhani yanga siimveka. Kale mafoni asanabwere, ababa ndi amene ankatumidwa kukanena maliro, poti anali ndi njinga komanso ankadziwa kuyankhula. Ankapalasa kupita kwa Mpama, ku Nguludi, kulikonse kumene kuli abale a womwalirayo. Mwambo wake ndi wakuti kwa m'bale wapafupi, mayi kapena mwana wa malemu, sunena kuti munthu wapita. Umangoti, "Matenda akula, tiyeni." Wamkulu akamva choncho safunsa zambiri. Amalowa m'nyumba, n'kutenga bulangeti loti akafunde kusiwa, n'kuuyamba ulendo. Amalira akaona masamba atayalidwa pamsewu.

Amayi atatsirizika, ababa anandiimbira foni ndili pamsika ku Limbe. "Amako matenda akula, bwera." Ine kupusa kwanga ndinakhulupirira. Bulangeti sindinatenge. Ndinagula buledi ndi malalanje oti wodwala akadye, n'kukwera minibasi ndikupemphera njira yonse. Masamba aja ndinawaona ndili pa kabaza, jumbo ya malalanje ili pamiyendo. Ine ndine wosachedwa kupsa mtima, ndinatengera amayi omwewo, ndipo maliro atatha ndinawafunsa ababa mosabisa mawu kuti bwanji anandinamiza ngati kamwana. Anangoti, "Ndinkafuna ufike." Yankho limenelo linandikwiyitsa zaka. Ndinkauza aliyense kuti mwambo umenewu ndi bodza lovala jekete, ndipo ine sindidzachitira munthu zotero.

Tsono kunabwera filimu ina yaitali, ya zigawozigawo, imene inagwira mudzi wonse. Inali ya bambo wina amene anapita kukagwira ntchito kumigodi, n'kuchita ngozi, n'kuiwala dzina lake ndi kwawo komwe. Mwana wake wamkazi atakula ananyamuka kukamufuna, tauni ndi tauni. Ankaphonyana pang'onong'ono: uyu akulowa pa geti, uyo akutulukira kuseri. Ababa ankamenya ntchafu. "Tembenuka, mtsikana iwe! Ali kumbuyo kwakoko!" Funso linali limodzi basi, kuti kodi awiriwa adzapezana. Tinaonera zonse zimene zinalipo, n'kutsala gawo lomaliza, limene anyamata obena anati silinatanthauziridwe, tidikire.

Tikudikira choncho, maso a ababa anayamba kuvuta. Kunena zoona anayamba kale, koma munthu wake sadandaula. Ndinkangoona akugunda ndowa imene ili poonekera, kapena akupereka dzanja pambali pa dzanja la mlendo. Mvula itagwa n'kutha, anali akuona ngati munthu wosuzumira pa bowo la chitseko, ndipo bowolo linkachepa. Gawo lomaliza lija linafika nthawi yokolola. Ndinabwera nalo ndikuthamanga, ndinaliika, wotanthauzira n'kuyamba kupereka moni wake. Ababa anasendeza mpando mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Kenaka anati, "Zimitsa."

"Ababa, mawu mukumva. Wotanthauzirayu amanena zonse."

"Filimu si wailesi. Zimitsa. Ndidzaonera akadzandipala ng'alayi."

Iwo anali otsimikiza kuti ndi ng'ala. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali atapalidwa ng'ala chaka chapitacho, n'kubwerako akulowetsa yekha ulusi pa singano, ndipo ababa ankati nawonso zidzatero. Anandiuza kuti fulashi ija ndiikulunge m'kapepala ndiisunge m'thumba la jekete lawo la ku tchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo lamulo lija linakula. Mudzi wonse unali utaonera mathero, ine ndemwe ndinakaonera kwa mnansi, poti mtima sunandilole kudikira. Azimayi pamjigo ankakambirana momasuka, koma akangoona ababa akubwera ndi ndodo yawo ankasintha nkhani n'kuyamba za mtengo wa feteleza. Ababa ankadziwa, ndipo zinkawasangalatsa. Ankati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu mwathamanga, ine ndidzadya zanga pang'onopang'ono."

Amene anavutika kwambiri anali anjomba. Ankafika thukuta lili kamukamu, osati la njinga lokha.

"Achimwene, pitani kuchipatala msanga, ine ndiphulika."

"Phulikani kwanu."

"Kungokuuzani mtundu wa diresi imene wavala pomalizira?"

"Ngakhale nsapato!"

"Koma pali galu wina, achimwene, galu ameneyo..."

Ababa ankatseka makutu ndi manja n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya mokweza, anjomba n'kumafuula za galuyo, onse awiri akuseka ngati ana. Masiku amenewo pakhomo panali phokoso labwino.

Titamva kuti kuchipatala kwabwera adokotala a maso, tinapita. Anawayeza nthawi yaitali, kuwaunika ndi tochi, kuwaika pa makina. Atatha anawauza ababa kuti akapume pabenchi panja, ine gadiyani nditsale kuti andifotokozere za mankhwala. Chitseko chitatsekedwa adokotala anandiyang'ana mwachifundo, ndipo ndisanamve mawu ndinadziwa. Anati si ng'ala. Anati ndi nthenda ina imene imaumitsa mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo umene wauma sutsitsimukanso, kaya ndi opaleshoni kaya ndi chiyani. Diso lamanzere linali litapita kale. Lamanja linatsala kadontho, ndipo mankhwala odontheza amene anatipatsa anali ongochedwetsa mdima. Anandifunsa ngati ndikufuna awauze okha. Ndinati ayi, ndikawauza ndine kunyumba.

Ndinatuluka n'kuwapeza ababa atakhala mowongoka, chipewa chili pabondo.

"Akuti bwanji?"

Ine amene ndinalumbira uja, ine wonena zoona uja, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Akuti tiyambe tadontheza mankhwalawa, tidzabwerenso."

"Eya, ndi choncho," iwo anatero. "Ng'ala amadikira ikhwime kaye."

Sindinawatsutse. Mu minibasi anandifunsa ngati fulashi ija ikadali m'jekete, ndipo ndinati ilimo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa yankho lija lakuti ndinkafuna ufike. Munthu ukanyamula uthenga wotere suganiza za choona ndi bodza. Umangoona nkhope ya mnzako ili ndi chiyembekezo, n'kumati mawa, ndimuuza mawa, lero adye kaye. M'mawa uliwonse ndinkawadontheza mankhwala, iwo n'kumaphethira n'kumati, "Ikukhwima, ndikuimva." Ndinali nditasenza mathero awiri, a filimu ndi a maso awo, ndipo onse awiri ndinkayenda nawo m'makwalala. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkakalipira mbuzi ndi nkhuku popanda chifukwa.

Mutu umodzi susenza denga. Tsiku la msika ndinapita pakhonde la anjomba n'kuwauza zonse. Phazi lawo linaima pa makina. Kenaka anati, "Mwana wanga, usadandaule. Kwa ine sizituluka." Ndinawakhulupirira theka lokha, poti ndinkawadziwa.

Koma anasungadi. Vuto n'lakuti anasunga mopitirira. Ankabwerabe masana aliwonse, koma za galu zija zinatha. Za diresi zinatha. Ankatsika njinga mwaulemu, kupereka moni, n'kuyamba kukamba za mitengo ya nsalu ndi za mvula ya chaka chamawa. Ababa akaitokosa okha nkhani ya filimu, anjomba ankayankha mofatsa ngati nesi kuti, "Mudzaonera nokha, achimwene, musadere nkhawa." Ine ndinkaona ngati zikuyenda bwino. Sindinaganize kuti munthu amene wakhala akulimbana ndi pakamwa pa mnzake moyo wake wonse angadabwe pakamwapo patatsekeka.

Linali tsiku lina masana, nthawi ya nandolo. Tinali pamkeka pansi pa mtengo wa mango tikusola nandolo wamuwisi, ntchito imene ababa ankaikonda chifukwa zala sizifuna maso. Anjomba anafika, anakhala pa mpando, nawonso n'kutapa makoko angapo. Tinasola kanthawi. Kenaka ababa, osadzutsa mutu, anati:

"Achimwene, mtsikana uja anawapeza bambo ake?"

Ndinasiya kusola. Chiyambire, ababa anali asanafunsepo munthu funso lotero.

Anjomba anandiyang'ana. "Aaa, achimwene, zimenezo mudzaonera nokha."

"Ndakufunsani ndine. Ndakutsegulirani chitseko. Nenani."

"Ayi, si bwino. Mudzaonera nokha maso akachira."

Ababa anaponya khoko m'lichero n'kupukuta manja pa thalauza. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani kuti mutseke pakamwa, osatheka. Munandiphera asilikali, munandikwatitsira anthu ndisanawaone n'komwe. Lero ndikuti nenani, inu mukuti mudzaonera nokha. Mwaphunzira liti ulemu umenewu? Si sabata imene mwanayu anabwera kumsika kwanu?"

Anjomba anangoweramitsa mutu, khoko la nandolo lili m'manja.

Ndiye ababa anatembenukira kumene kunali ine. Maso awo anandiphonya pang'ono, anayang'ana paphewa panga. "Iwe, adokotala aja anati chiyani nditatuluka?"

"Anati tizidontheza mankhwala, ababa."

"Matenda akula, eti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "uthenga umenewu ndaunyamula panjinga ine iwe usanabadwe. Ndimadziwa m'mene wotumidwa amakhalira pampando, ndimadziwa m'mene amasekera. Mwayesetsa nonse awiri, ndipo ndathokoza, mwandiyendetsa bwino. Koma ine bulangeti ndanyamula kale. Nena."

Ndinanena. Ndinawauza zonse monga adokotala anandiuzira, za mtsempha wouma, za diso lamanzere, za kadontho kotsala, ndikulira ngati mwana. Anjomba ankapukuta nkhope ndi chipewa chawo. Ababa anamvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati mankhwala aja ali ndi ntchitobe. Ndinati ali nayo, amachedwetsa. Anati, "Basi tizidonthezabe."

Mbuzi ina inabwera kudzaba makoko, ndipo palibe anaithamangitsa. Kenaka ababa anati, "Kalowe m'nyumba, m'jekete muja. Tikaonere."

Ndinaika fulashi ija, n'kutseka zenera kuti kuwala kusasokoneze, ngakhale zimenezo zinalibenso ntchito. Ababa sanasendeze mpando kufupi ndi galasi ngati kale. Anakhala pakati, ine mbali iyi, anjomba mbali inayo.

"Tamverani nonse awiri," anatero. "Mawu ndimva ndekha kwa wotanthauzira. Iwe uzindiuza zimene zikuoneka. Zimene zikuoneka basi, osati zimene zikubwera. Inu achimwene, ntchito yanu ndi zovala. Mukangodumpha mzere, ndikutulutsani."

"Nanga galu uja?" anjomba anafunsa.

"Galuyo adikire nthawi yake."

Tinayamba. Ndinkati, mtsikana uja watsika basi, kuli fumbi, wanyamula kachikwama kakang'ono. Anjomba ankati, diresi yabuluu, yosokedwa bwino koma kolala anaiphonya. Ndinkati, tsopano akuyenda m'mbali mwa njanji, kumanja kuli nyumba za malata. Ababa ankafunsa kuti nthaka yake ndi yotani, ndinkati yofiira ngati ya kwa Mpama. Inali ntchito yovuta kuposa m'mene ndinkaganizira, chifukwa ndinkadziwa kumene tikupita, ndipo mawu anga ankafuna kuthamangira komweko. Ndikayamba kufulumira, ababa ankakhosomola, ine n'kubwerera m'khwalala. Galu uja atatulukira, anjomba anafuula kuti, "Ndi ameneyo! Ndi ameneyo, achimwene!" ndipo ababa anaseka mpaka kutsokomola.

M'mene inathera filimuyo sindikuuzani. Ndine mwana wa ababa, ndipo mwina simunaionere. Ndingoti chakumapeto kwenikweni pali malo pamene anthu a m'filimumo sayankhula, ndipo wotanthauzira uja, wolongolola uja, nayenso anangoti zii. Munatsala kanyimbo kokha ndi nkhope za anthu. Pamenepo ndi pamene ababa ankandifuna kwambiri, ndipo pamenepo ndi pamene mawu anandithera.

"Nena, mwanawe. Chikuoneka n'chiyani?"

Ndinayang'ana anjomba kuti andithandize, koma munthu amene m'kamwa mwake simunkagona nkhani uja anali ataluma chipewa.

Ababa anadikira pang'ono. Kenaka anatambasula dzanja, n'kufufuza mpaka anapeza phewa langa, n'kukwera kufika patsaya. Zala zawo zinkanunkha nandolo. Anakhudza misozi ija, anakhudzanso pakamwa panga kuti amve ngati pakumwetulira kapena ayi, ndipo dzanja linakhala pomwepo mpaka kanyimbo kanatha.

"Basi," anatero. "Ndaonera."

Anjomba anayamba kufotokoza za jekete la bambo uja, ababa n'kuwatsutsa kuti munthu wa kumigodi sangavale zotero, ndipo anakangana mpaka dzuwa linapendeka. Ine ndinatuluka kukatola lichero, n'kupeza mbuzi ija itamaliza nandolo yense.